Khutu la a Giya

"Ine galimoto sindiyendetsa ndi maso. Maso ndi a ana ophunzira kumene," anatero a Giya, atakhala pa tayala lakutha pakhonde pawo, miyendo atatambasula ngati msewu wonse ndi wawo. "Ine ndi khutu. Ikamva ludzu ndimamva. Ikakhuta ndimamva. Ikafuna kudwala mawa, ine lero ndamva kale kutsokomola kwake. Tsono yatsopanoyi, yamagetsiyi, izidya pakhomo pano, izigona pakhomo pano. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo chingwe chake ndi chimene akukhoma alamu angachi. Ndiuzeni, a Telala, munthu wodyetsa mbuzi ya abwana angamuchotse ntchito ndani?"

A Telala, a nyumba yoyandikana nayo, anali atatsamira mpanda, tepi yoyezera ili lende m'khosi.

"Mbuzi ikakondwa..." anatero, n'kusiyira pomwepo.

"Malizani."

"Ayi, kumapetoko ndaiwala. Ukalambatu."

Dzina loti Giya silinali la makolo. Analipata ali anyamata, pamene ankasintha giya mofewa moti bwana wawo ankamwa tiyi kumpando wakumbuyo osadonthezera pa tayi. Bwanayo anamwalira, kampani n'kutsala m'manja mwa akazi ake, amene aliyense ankangowatcha Madamu, ndipo a Giya anatsala nawo pamodzi ndi mipando ndi makabati. Madamu ankakhala m'nyumba zosanja za pakati pa tauni, pamwamba penipeni, kopanda bwalo, koti ngakhale njinga uchite kuikweza paphewa. N'chifukwa chake galimoto ya kampani inkagona kwa dalaivala. Ndiye Madamu atagulitsa yakale ija, ya dizilo, yobangula ngati ng'ombe yolusa, n'kuitanitsa yamagetsi, panalibe kuchitira mwina: tchaja yake inayenera kukhomedwa pakhoma la a Giya.

Chimene a Giya sankanena pakhondepo n'chakuti maso awo anali atapita ku penshoni eni ake asanapite. Ng'ala. Inayamba ngati kautsi ka ndudu pakona pa diso lakumanzere, kenako n'kuitana inzake. Tsopano dziko lonse ankaliona ngati munthu wosuzumira m'botolo la mkaka lotsuka mwaulesi. Misewu ankaidziwa pamtima, dzenje lililonse ndi khalidwe lake. Basi ankaiona, poti basi ndi nyumba yathunthu. Pamaloboti ankaima akaima anzawo, n'kudikira. Wakumbuyo akaliza hutala ndi kutukwana, ankadziwa kuti kwabiriwira. Anthu ankati mdala ameneyu ndi waulemu pamsewu.

Koma chipilala cha pakhomo pa banki sichiliza hutala, ndipo a Giya anachipsompsona ndi chitseko chakumbuyo. Wilibala ya wotola mabotolo nayonso ilibe hutala. Tsiku la wilibalalo Madamu anadikira mpaka mabotolo atasiya kugubuduzika, n'kunena mosakweza mawu:

"A Giya, kawiri konseka ndakhululuka chifukwa cha malemu. Kachitatu ndikakuperekezani ndekha kwa dokotala wa maso, ndipo akakapeza kanthu, makiyi mudzasiya patebulo panga."

Ku ofesi nkhaniyo inafika iwo asanafike. Pofika masana aliyense, kuyambira wowerengera ndalama mpaka wophika tiyi, anali atakumbukira kuti ali ndi msuweni wodziwa chiwongolero.

Wokhoma tchajayo anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, munthu wamagetsi amene anzake ankamutcha Fyuzi, poti ntchito ikakula ankazima. Anafika m'mawa ndi makwerero aafupi, makina oboolera khoma, ndi nthambo yakuda yonenepa ngati chala chachikulu, atakoleka paphewa ngati wapha njoka. Anazungulira nyumba yonse akugogoda makoma, n'kudzaima pa khoma la khitchini, loyang'ana kubwalo.

"Apa. Bokosi la mafyuzi lili kuseri komweku, nthambo siyenda mtunda. Asisi! Sunthani filiji yanuyo, ndingaiboole nthiti."

Mayi a kunyumba anatuluka akupukuta manja. Filiji yawoyo inali yaikulu, yogona ngati bokosi la katundu, ndipo ndi imene ankaundanitsiramo madzi ogulitsa kwa eni mabala ndi ogulitsa nsomba. Inkakhala itatsamira khoma limenelo kuchokera pamene ana anali aang'ono.

"Nyumba yonseyi wangoona khoma langa lokha?"

"Funsani amuna anuwa. Ndiwo akukubweretserani mkazi wachiwiri. Wodya usiku wonse, osatsuka mbale."

"Bola iyeyo sazilankhula," anatero a Giya.

Anaikoka filiji ija atatu onse, ikulira pasimenti. Fyuzi anakwera pamakwerero n'kuyamba kuboola. Fumbi lofiira linatsikira pansapato za a Giya, zomwe anali atazipukuta kale mpaka kuwala.

"Alamu, khoma ili anamanga ndi simenti kapena ndi malonjezo? Likungolowa ngati mkate."

"Boola, usiye kulalikira. Unapita kusukulu ya magetsi kapena ya ubusa?"

"Zonse ndi chimodzi. Kumene kuli mdima timabweretsa kuwala, ndipo anthu amatilipira monyinyirika."

Ntchito yokha ankaidziwa, pakamwa pake pakapuma. Analowetsa nthambo m'paipi kuti makoswe angaiyese chakudya, anaiikira swichi yakeyake m'bokosi la mafyuzi, n'kukhoma ndodo yamkuwa m'nthaka pafupi ndi mpopi, kuti magetsi akakwiya azikalipira pansi osati munthu. Kenako anamanga bokosi la tchaja pakhoma, loyera, lalikulu ngati chikwama cha mwana wasukulu, chingwe chake chokulunga ndi pulagi yonga mlomo wa pampu ya petulo. Atatha, anabwezera filiji pamalo pake, gwa, kutsamiranso khoma lomwe lija.

"Tsono mvetserani, alamu, poti mumati ndinu a khutu. Dzina lake lomwe likunena: gali-moto. Mukaimana moto, mwatsala ndi gali. Gali mungapite naye kuti? Ndiye mukalowetsa pulagiyi mukankhe ngati mwamuna, osati ngati mukupereka chopereka. Kenako muyang'ane kagetsi aka pansipa. Kakakhala kofiira, sikudya, zulani mulowetsenso. Kakabiriwira, basi, kagoneni. Mukukaona?"

"Ndikukaona."

"Panopa kali bwanji?"

A Giya anayang'ana pomwe chala chinkaloza. Anaona khoma, ndi chinthu choyererako pakhomapo. Kagetsi kanali kwa eni ake.

"Kali ngati maso ako Lolemba m'mawa."

Fyuzi anaseka mpaka kugwira makwerero.

"Eya, kofiira! Poti galimoto palibe. Koma mlamu wanga uyu, pakamwa pokha sipadzakalamba."

Kuti adikire galimoto ifike ayesere limodzi, Fyuzi anati sizitheka. Kwinakwake kunali sitolo yomwe mafiliji ake anazima, ndiponso kukhosi kwake kunali fumbi la khoma la eni. Analonjeza kudzabwera mawa masana, ananyamula makwerero, n'kuzima.

Mayi a kunyumba anadikira geti litsekeke. Anabweretsa tsache, nayamba kusesa fumbi lija pafupi ndi mapazi a amuna awo, maso ali pansi.

"Bambo, kagetsi kaja simunakaone."

"Ndani wakuuzani?"

"Dzulo munathira mchere mu tiyi. Munamwa yense, osatsinzina, kuti ine ndisadziwe."

"Ndimafuna kulawa zachilendo."

"Dzana munapatsa moni thumba la simenti pageti la a Telala."

"Linali laulemu kuposa eni ake."

Mayi sanaseke. Anaimika tsache.

"Amati amangopala ng'alayo, munthu n'kuona ngati mwana. Pitani nokha asanakupititseni."

A Giya anakhalanso pa tayala lawo lija. Mawu awo anatsika, poti mpanda uli ndi makutu, ndipo makutu ake amasoka zovala.

"Ndikapempha tchuthi andifunsa chifukwa. Ndikanena chifukwa, makiyi patebulo. Kuchipatala andilemba pamzere, andiuza kuti bwerani mvula ikatha, mvula ikatha bwerani dokotala akabwera. Pomwe ndizidzaona ngati mwana, pampando panga padzakhala patakhala msuweni wa wophika tiyi. Ndiye ndizidzaona chiyani ndi maso atsopanowo? Khomali? Ine ntchito ina sindiidziwa, mayi. Ulonda womwe safuna munthu wopatsa moni simenti."

"Nanga mukapha munthu?"

"Khutu lilipo."

Anadzuka, anapukutanso nsapato, n'kuvala jekete.

Galimoto anakailandira masana kumene ankaimata manambala. Wogulitsa, munthu wa tayi yopyapyala ndi mawu othamanga, anawakhazika pampando n'kuyamba kuloza sikirini yomwe inali pakati, yonga foni ya chimphona. Apa pamalemba moto wotsala, apa mtunda womwe ingayende, apa ikakhala ndi dandaulo. A Giya ankangogwedeza mutu ngati munthu amene zonsezi anaziona kale kunja. Chimene ankaona chinali chinthu chowala chamakona anayi, ngati windo la bafa wina akusamba madzi otentha.

"Ndilize injini tsono," anatero a Giya.

"Yalira kale, bambo."

Anatchera khutu. Zii. Anamva wotchi ya wogulitsayo, anamva m'mimba mwawo momwe, koma galimoto ayi.

Masana amenewo anali aatali. Madamu anali ndi ulendo m'mawa mwake, wa pandege, wokakhala nawo pa ukwati wa mwana wawo wamkazi kunja, mwana mmodzi yekhayo. Ndiye panali kokatenga diresi, kokagula mphatso, kokakonzetsa tsitsi kutsidya kwa tauni, kobwereranso kwa osoka poti diresi linathina m'khwapa. A Giya anayendetsa ngati munthu woyenda m'nyumba ya eni magetsi atazima. Kale liwiro ankalimva pa kulira kwa injini. Iyi inkangotsetsereka ngati sopo. Phazi lamanzere linkaponda pansi popanda kanthu kufuna kalachi. Dzanja linkapita lokha kukasintha giya n'kugwira mphepo. Munthu wotchedwa Giya, m'galimoto yopanda giya. Anthu oyenda pansi nawo sankaimva ikubwera, ankangotulukira pamphuno pake ngati mizimu, iwo n'kuponda buleki.

Chakumadzulo inayamba kulankhula, koma chilankhulo chake. Ting. Pakapita kanthawi, ting. Si kutsokomola, si kubuula, si kugogoda kwa chitsulo. Kaphokoso kaulemu, konga ka supuni pa kapu.

"Ikuti chiyani?" anafunsa Madamu, maso ali pa foni.

"Ikuti yamva njala, Madamu."

Anangoponya mwala kumdima, koma unagunda.

"Ndiye mukaidyetse ikhute. Bwalo la ndege ndi kutali, ndipo ndege sidikira mayi wa mkwatibwi."

Atafika nayo kunyumba dzuwa likupendeka, anapeza msewu wonse uli pampanda. Inalowa pageti mwakachetechete moti nkhuku ya a Telala inachita kukankhidwa ndi tayala kuti idziwe. Anthu anaizungulira, wina kugwira galasi, wina kusuzumira pansi kufuna paipi ya utsi. Mayi a kunyumba kunalibe, anali atapita kukasiya madzi oundana kumabala.

A Giya anavula jekete, anapinda malaya, n'kumasula chingwe pakhoma mwadongosolo ngati wansembe. Kachitseko ka pagalimoto anakapeza ndi zala. Pulagi anailowetsa mofatsa, poti moyo wawo wonse anaphunzira kuti katundu wa abwana sakankhidwa. Chitseko cha abwana umatseka ngati mwana wagona mkati. Pulagiyo inalowa, n'kuima. Anaisiya pomwepo.

"Ndiye tidziwa bwanji kuti ikudya?" anafunsa a Telala. "Ilibe pakamwa, ilibe kukhosi."

A Giya anasendera kukhoma. Funso lotsatira ankalidziwa: wina aona kagetsi, afunsa kuti kameneka n'kachiyani, kakutanthauzanji, kali mtundu wanji. Anaimirira kutsogolo kwa bokosilo, kulitchinga ndi msana, n'kukweza dzanja.

"Khalani chete nonse."

Anagwada bondo limodzi, n'kugunditsa khutu pa bokosi la tchaja. Poyamba panalibe kanthu. Kenako, chapansipansi, chinabwera: ng'uuuu. Kulira kosalala, kokhazikika, kwa chinthu chomwe chikugwira ntchito yake mosadandaula. Kunalowa m'khutu, kutsika m'khosi, n'kukakhala pamtima ngati tiyi wotentha. Tsiku lonse makina anali atawamana mawu, ndipo apa anawalankhula.

"Ikudya," anatero. "Ikumeza bwinobwino. Bwerani mumve, a Telala, ngati makutu anu sanadzaze ulusi."

A Telala anaika khutu, anamva, n'kuvomera ndi nsidze.

"Koma inde. Ikuchita ngati mphaka."

Asanawerame kuti aone zambiri, a Giya anatenga katoni yomwe munabwera tchajayo n'kuvindikira bokosi lonse, pamwamba n'kutsamiritsa njerwa.

"Akuba," anatero. "Chinthu chowala chimaitana alendo."

Madzulo amenewo anadya bwino. Mayi atafunsa ngati kagetsi kanabiriwira, anayankha kuti kanabiriwira mpaka kuphuka maluwa. Mayi anawayang'ana nthawi yaitali, koma anali atatopa ndi mabeseni, ndipo katoni inali itavindikira kale.

Kutacha anadzuka ndi nyimbo pakamwa. Anasamba, anavala malaya oyera ndi tayi ya malemu bwana, yomwe ankaisungira maulendo a ku bwalo la ndege. A Telala anali kale pampanda ndi kapu yawo, ndipo kumbuyo kwawo kunali ena awiri atatu ofuna kuona mbuzi ikudzuka.

A Giya anagwira pulagi kuti azule. Inangotuluka yokha, lobodo, ngati dzino la nkhalamba. Zimenezo sizinawasangalatse, koma sanaonetse. Anakulunga chingwe, anachotsa katoni. Ndipo ali chiimire pamenepo, pulagi ili m'manja, anamva khoma likupitiriza: ng'uuuu.

"Nanga ikuliranso bwanji, poti mwazula?" anafunsa a Telala.

"Ikubzikula," anatero a Giya. "Mbuzi ikakhuta imatero."

Anthu anaseka. Kuseka kusanathe, kulira kuja kunanjenjemera, gudugudu, n'kuduka. Ndipo pawindo la khitchini panatuluka mawu a mayi:

"Ndazimitsa filiji kuti ndipale madzi oundanawa, wina asayatse!"

Pampanda palibe anagwirizanitsa zinthu ziwirizo. A Giya okha. Kulira kumeneko anakhala nako m'nyumba zaka zonsezi, ankagona nako, ankadzuka nako, mpaka anasiya kukumva monga munthu samva fungo la nyumba yake. Dzulo anakumva kuseri kwa khoma n'kukupatsa dzina lina. Khutu silinaname. Linamva zoona, koma za eni ake ena.

Anakhala pampando wa dalaivala. Anadina batani. Chowala chamakona anayi chija chinayaka. Ting.

Mayi anatuluka ndi mpeni wopalira m'manja, anaona nkhope ya amuna awo, anaona bokosi lopanda katoni, anaona kagetsi. Anafika pawindo la galimoto n'kuwerama ngati akuwakonza tayi.

"Bambo," ananong'ona, "ndikuwerengereni zimene yalemba?"

A Giya anayang'ana kumpanda. Sanaone nkhope, anaona mitu, mizeremizere ngati maungu pa shelefu, yonse itatembenukira kwa iwo. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Madamu.

"Ndawerenga kale," anatero mokweza, kuti mpanda umve. "Yalemba kuti yakhuta, zikomo kwambiri."

"Bambo..."

"Tsegulani geti, mayi."

Potuluka anadzilimbitsa mtima. Galimoto iliyonse imanama. Muvi ukagona pansi, m'thanki mumakhala muli kena kobisa, ngati mayi wonena kuti shuga watha. Kangati anafikitsa yakale ija kunyumba ndi fungo lokha la dizilo, kuigwedeza pang'ono, kuitsetseretsa pamtsetse, kuinyengerera ndi mawu? Iyinso ndi galimoto. Iyenera kukhala ndi kobisa kake.

Madamu anawapeza ataima kale pansi pa nyumba zosanja zija, masutikesi awiri, bokosi la chipewa, ndi diresi m'thumba lake lalitali lomwe sanalole kuti lipindidwe. Analigoneka pamiyendo pawo kumpando wakumbuyo ngati mwana wodwala. Anali okondwa m'mawa umenewo, ankanunkhira mafuta a tsiku lalikulu.

"Yadya?"

"Usiku wonse, Madamu. Ndinachita kuimva ndekha."

"Tayi imeneyo ndaizindikira," anatero Madamu galimoto itanyamuka. "Mukudziwa, a Giya, dzana lomweli ku ofesi amandiuza kuti galimoto yatsopano imafuna munthu watsopano. Ndinawayankha kuti a Giya ananditenga kuchipatala ndili ndi mwana ameneyu m'manja, anamupititsa kusukulu, ananyamula bambo ake ulendo womaliza. Akhula zipilala, inde, koma sanandisiyepo panjira. Ndiye apititsenso mayi ake ku ukwati."

"Zikomo, Madamu."

Ting.

Anadutsa maloboti oyamba, achiwiri. Anadutsa msika, malo ogulitsira matayala, mafakitale a kumapeto kwa tauni. Anadutsa pomwetsera mafuta pomwe kwa zaka zambiri anyamata ake ankawathamangira akangomva kubangula kwa yakale ija. Lero palibe anatembenuka. Anazimitsa chopemerera mphepo kuti asunge moto, n'kunena kuti mphepo ya makina imawononga tsitsi lokonza kumene. Pamtsetse ankachotsa phazi, milomo ikuyenda yokha: tiye mwanawe, tiye mayi, usandichititse manyazi, ukafika ndikudyetsa ndi manja anga. Yakale ija ikanayankha. Iyi inkangoti ting, ting, ndipo tsopano mofulumira, ngati mlendo waulemu amene wayamba kutopa ndi kugogoda.

"Kaphokosoko sikangazime?" anafunsa Madamu, akulemba uthenga pa foni.

"Ikuyamika chakudya, Madamu."

Nyumba zinatha. Kunatsala msewu, udzu, ndi mitengo ya magetsi yonyamula nthambo zake kupita nazo kwina. Kutsogolo kunali chitunda chachitali chija chomwe ukachikwera umayamba kuona nsanja ya bwalo la ndege, kwa amene amaona. A Giya anaponda. Galimoto inakwera pang'ono, kenako inalemera, ngati wina waigwira malaya kumbuyo. Anapondanso mpaka phazi kugunda pansi. Lole yodzaza mchenga inawapitirira. Basi inawapitirira. Kenako munthu wa panjinga, atanyamula matumba, anawapitirira akuyang'ana m'mbuyo modabwa.

Sinatsokomole. Sinanjenjemere, sinabuule, sinapemphe chilichonse. Inangoyenda pang'onopang'ono mpaka kuleka, pakati pa chitunda, matayala awiri pa phula, awiri pa udzu. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ngakhale kupuma sichinapume.

Madamu anatsitsa foni.

"Taima chifukwa chiyani?"

"Ikupuma pang'ono, Madamu. Zatsopanozi zimatero."

"A Giya, ndege."

Anadina batani. Anadinanso. Dzanja linapita lokha kukafuna giya, n'kubwerera lopanda kanthu.

Madamu anasuntha diresi mosamala, n'kuweramira kutsogolo pakati pa mipando iwiri. Fungo la mafuta awo linafika pamphuno pa a Giya.

"Pali zofiira apo. Magalasi anga oonera patali ali m'sutikesi. Yalemba chiyani? Tandiwerengerani."

A Giya anayang'ana. Windo la bafa lija, nthunzi yokhayokha, ndi kena kofiirira kosambira mkati mwake. Anatsinzina, anatsegula. Anapukuta sikirini ndi nsonga ya tayi ya malemu. Anasendera pafupi, pafupi, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda.

"A Giya," anatero Madamu, ndipo mawu awo anali atasintha, atatsika ngati tsiku la wilibala lija. "Zilembo zimenezo n'zazikulu ngati zala zanga."

Pamenepo mutu wa a Giya unachita zomwe unazolowera moyo wonse, eni ake asanaulamule. Unatembenuka chammbali, n'kugunditsa khutu pa sikirini ija.

Madamu anabwerera kumpando wawo pang'onopang'ono. M'galimoto munali zii.